Mphika wosathamanga

Ndikaona mphika wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, umene anthu a ku America anayamba kuugulitsa pa dzina la Crock-Pot mu 1971, mtima wanga umabwerera ku mphika wadothi wa agogo, umene unkakhala pamafuwa kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka, chitsa chimodzi chikunyeka mwakachetechete kunsi kwake. Indetu, mang'ina, mchira wa ng'ombe ndi tambala wachikuda wokalamba, zimene moto waukali umangozilimbitsa, zimafewa ndi kutulutsa msuzi wonona zikakhalamo maola 8, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nyemba zofiira, abale anga, muziyamba mwaziwiritsa mphindi 10 pa moto wamphamvu musanaziike mu mphika wamagetsi uja, kuopa kuti zingakupwetekeni m'mimba.