Mbande za eni, mkungudza wakwathu

Kuno ku Joni ndimagwira ntchito pa nazale ya maluwa. Mu Juni ndi Julaye udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndiye madzulo aliwonse timafunditsa mbande kuti zisapse. Miyezi imeneyi ndiyo imandisowetsa mtendere. Kwathu ku Khonjeni chiperoni chimakhala chikuwaza, anthu akudulira tiyi m'maesiteti, ana akuotha moto wa zitsononkho. Mitambo ikang'ambika, phiri la Mulanje limatulukira uko, lobiriwira ngati lachapidwa.

Agogo anali ndi bokosi la mkungudza losungiramo zovala zakutchalitchi. Chiswe chinadya mitengo yadenga, koma bokosilo sichinalikhudze, ndipo ukalitsekula fungo limadzaza nyumba yonse. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wafuko mu 1984. Kwawo n'kumodzi padziko lonse: pamwamba pa phirilo, m'zidikha monga Lichenya, Chambe ndi Thuchila, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000. Mzinda wa Johannesburg uli pa mamita oposa 1,700, choncho chisanu chimene ndimalimbana nacho kuno n'chomwecho chimene mbande zakumeneko zimakumana nacho popanda wozifunditsa.

Njere za mkungudza n'zazing'ono, zili ndi timapiko, ndipo zimauluzika ndi mphepo. Zambiri zimakhala mphwepwa. Yabwinoyo imafuna kugwera padothi loyera, lachinyontho, pofika dzuwa, chifukwa mumthunzi wa nkhalango yowirira mbande siikula. N'chifukwa chake imakonda m'mphepete mwa nkhalango, pomwe moto unadutsa kale n'kusesa udzu. Koma moto womwewo ukabweranso mbande isanakhwime, zonse zathera pomwepo, ndipo alenje amayatsa tchire chaka ndi chaka. Yopulumuka moto iyenera kupirira chilimwe mizu isanazame, padothi losaya la pamwamba pa thanthwe. Kumera n'kosavuta, nkhondo ili pa zaka zoyambirira.

Ocheka matabwa anamaliza mitengo yobereka njere. Pakalembera wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha. Kuyambira 2016, a Mulanje Mountain Conservation Trust, a Forestry Research Institute of Malawi ndi a Botanic Gardens Conservation International anathandiza midzi ya m'tsinde mwa phiri kutsegula nazale zomwe zinatulutsa mbande pafupifupi 500,000. Anthu ankazisenza kukwera nazo phiri, n'kumalambula njira zotchinga moto.

Ndimadziwa kulemera kwa machubu onyowa, ndiye ndikamva zimenezi msana umachita kundiyabwa. Abwana kuno amandiyamikira kuti ndili ndi dzanja, chilichonse ndikafesa chimamera. Dzanjalo ndinalitenga ku nazale za tiyi kwathu, ndili mnyamata wothira dothi m'machubu. Zimandiwawa kuti lero likulera maluwa okongoletsa mipanda ya eni, pomwe mtengo wafuko lathu ukusowa woupalira.