Kunola kasemasema sikufuna liwiro

Ndine wosema. Mitondo, minsi, zipande ndi mipando ya mafumu ndimaziyala m'mbali mwa msewu wa M1, chakufupi ndi Kampepuza kuno ku Ntcheu. Anyamata amene ndikuwaphunzitsa akangogulitsa mitondo ingapo, maganizo awo onse amakhala pa galayinda.

Zida zathu zambiri, sompho, kasemasema ndi tchizulo, amatisulira amisiri akumudzi kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha. Ndi chitsulo chabwino, koma chimadana ndi moto. Ukachinola mpaka kukamwa kwake kusanduke buluu, kulimba konse kumene wosula anachipatsa pochiwotcha ndi kuchiviika m'madzi kwathera pomwepo. Ukakhapa nacho muwanga kapena phingo, chimapinda milomo ngati chitini.

N'chifukwa chake galayinda ya m'manja, ija ya owotcherera zitsulo, ine sindiilola kuyandikira zida zanga. Imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo usanaphethire nsonga yapsa. Yomangirira patebulo ndiyo yabwinoko, ngakhale zofala m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre zimafika cha m'ma 2,900. Mukapeza ya 1,400, musanyinyirike mtengo. Mwala wake ukhale wa mamilimita 200, chifukwa wa 150 umakumba mphako yakuya kuseri kwa nsonga, nsongayo n'kuyamba kubenthuka. Mwala wotuwa umene amakupatsirani limodzi ndi makinawo ndi wa makasu ndi zikwanje. Woyera ndi wofewa, umadya chitsulo osachitenthetsa kwambiri. Anzathu ozungulitsa miyendo ya matebulo pa makina alibe nkhawa yotereyi, popeza matchizulo awo ogula a HSS amapirira kutentha.

Nanga magetsi akazima, kapena kumudzi kopanda n'komwe? Galayinda yanga ndi yopalasa: njinga yakale, tcheni ndi mwala. Mwendo ndiwo umalamula liwiro, ndipo chitini cha madzi chimakhala pambali, kuviika chitsulo pafupipafupi. Ena amaiseka, komabe zida zawo akazipsereza amabwera nazo konkuno.

Galayinda imangokonza pobenthuka, simaliza ntchito. Kuthwa kwenikweni kumachokera pa mwala wamadzi, kenako pa lamba wachikopa. Amene anaona zosema za ku Kungoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, akudziwa kuti chikope cha munthu pamtengo sichisemedwa ndi mpeni wongochoka pa makina. Ine ndimayesa popala mlombwa mopingasa: ukasalala n'kuwala, chida chathwa, ukachita ubweya, ndibwerera pamwala.

Mwala watsopano wa galayinda musanaumange, ukolowekeni pachala n'kuugogoda ndi mpini. Ukalira ngwee, ndi wabwino. Ukamveka phuu, uli ndi mng'alu, ubwezeni kusitolo, chifukwa umatha kuphulika uli pa liwiro. Ndipo musanole popanda magalasi oteteza maso.