Ulendo wa pa Sabata

Tikamawerenga Ntchito za Atumwi 1:12, timamva kuti kuchokera ku Yerusalemu kukafika ku Phiri la Olivi ndi ulendo wololedwa pa Sabata. Mtunda umenewu ndi mikono 2,000, pafupifupi kilomita imodzi. Aphunzitsi a Chiyuda adaupeza polumikiza Eksodo 16:29 ndi Numeri 35:5, ndipo Ayuda osunga mwambo amautsatabe mpaka lero.

Chotikhudza mtima n'chakuti muyesowo suyambira pakhomo pa munthu, koma kumalire a mudzi. M'kati mwa mudzi angathe kuyenda momasuka: ku sunagoge, kwa wodwala, kwa mnansi. Motero mpumulo wake umamusunga pakati pa abale.

Nanga ife achinyamata? Misa ikangotha timabalalika, agogo n'kutsala okha pakhonde. Lamulungu likudzali, tiyeni tifupikitse ulendo, tikhale nawo pansi.