Mapepala a ku Munyati

Woyenda pamsewu wa Harare kupita ku Bulawayo angathe kudutsa Munyati osazindikira. Ndi kamalo kakang'ono pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, m'mbali mwa mtsinje wa Munyati, kodziwika ndi siteshoni yamagetsi imene kwa zaka zambiri inkadya malasha a ku Hwange. M'chigawo chamigodichi muli zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland amene adabwera kudzakumba golide. Ashona adawatcha "mabhurandaya", kunena a ku Blantyre, ndipo m'makomboni Chichewa chimamvekabe, Gule Wamkulu navinidwabe.

Kwa anthuwa pepala si chinthu chamasewera. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri opanda dziko, ziphaso zawo zitalembedwa "alien". Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali la dziko la SADC, koma munthu amayenerabe kusonyeza umboni: kalata yobadwira, chiphaso cha imfa ya kholo, ngakhale kapepala kakale ka kumgodi. Alangizi a m'madera amajambula zikalata zotere pafoni n'kutumizira maloya kutauni pa WhatsApp. Madzulo foni yomweyo imakhala m'manja mwa ana, kapena yasiyidwa pagolosale kuti aitchaje. Wakuba akapeza chithunzi cha chiphaso angathe kutengera ngongole m'dzina la mwiniwake, amene adachivutikira zaka.

Nawo maloya a ku London amatumiza zikalata za makasitomala awo kutali, ku India, Philippines ndi Cape Town, kumene ntchito imatsika mtengo. Koma m'maofesi olongosoka akumeneko wantchito amasiya foni pakhomo. Kompyuta yake siilola kukopera chilichonse pa flash, saona fayilo imene sadapatsidwe, ndipo makina amalemba yense amene watsegula chikalata ndi nthawi yake. Zina mwa izi n'zodula, n'zoona. Koma kukiya foni ndi nambala yachinsinsi, kufufuta chithunzi chikafika kwa loya, ndi kupempha kaye chilolezo cha mwini chikalata, sikulira ngakhale senti.

Zimbabwe idakhazikitsa Cyber and Data Protection Act m'chaka cha 2021, ndipo woyang'anira ndi POTRAZ. Malawi idatsatira mu 2024, pansi pa MACRA. Ku Zimbabwe, bungwe limene zinsinsi za anthu zalipulumuka liyenera kudziwitsa POTRAZ pasanathe maola 24. Kabungwe kamene kasunga ziphaso za mabanja a ku Munyati m'foni ya mlangizi mmodzi nako kali m'gulu lomweli.