Mbiri ya ulimi wa nkhumba za kubusa ku Nkhotakota



Nkhumba yoweta ndi mlendo m'dziko muno. Eni nthaka ndi nguluwe ndi njiri, zomwe zikadalipo m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Akatswiri ena amaganiza kuti nkhumba zakuda za m'midzi zinalowa kudzera m'chigwa cha Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika ku Tete cha m'ma 1530. Mitundu yoyera ya Large White ndi Landrace inabwera pambuyo pake.

Kugombe la Nkhotakota ulimiwu sunafale msanga. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikitsa mudzi wa malonda pamenepa, ndipo Chisilamu chinazika mizu. Kwa Msilamu nkhumba ndi yoletsedwa, choncho m'midzi yozungulira boma khola la nkhumba silinali chinthu chomanga mwachisawawa. Ziwetozi zinachulukira kumtunda, monga ku Mwansambo ndi kumalire a Ntchisi. Mpaka lero woweta wa kugombe amayenera kusamala kuti nkhumba yake isafike pachitsime, pamzikiti kapena pakhomo pa mnansi amene chikhulupiriro chake chimaikana. Uwu ndi ulemu umene anthu omwa chitsime chimodzi amapatsana.

Kawetedwe ka makolo kankatsata nyengo. M'dzinja nkhumba zinkatsekeredwa m'khola la mitengo kapena kumangidwa chingwe kumwendo kuti zisaononge mbewu. Anthu akakolola ankazitayirira. Zinkayenda m'minda ndi m'madambo kufukula mbatata zotsala m'mitumbira, mizu ndi nyongolotsi. Dzuwa likakula zinkabisala m'matope, pakuti nkhumba situlutsa thukuta lokwanira kuziziritsa thupi. Madzulo zinkabwera zokha zikamva mayi akuguguda chidebe cha gaga. Mwini sankataya ndalama, koma nkhumbazo zinkakula mochedwa ndipo ana azo ambiri ankafa.

Chimene chinaonetsa kuipa kotayirira ndi chigodola. Matendawa anafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921 ndi dokotala wa ziweto R. Eustace Montgomery. Kachirombo kake kamakhala mwa njiri popanda kuidwalitsa, ndipo nkhufi za m'mauna ndi m'ming'alu ya makola zimakasunga nthawi yaitali. Kafukufuku wa m'ma 1980 anapeza kuti ku Mchinji ndi madera oyandikana nawo matendawa anakhazikikiratu pakati pa nkhumba za m'midzi ndi nkhufi za m'makola. Nkhumba yodwala imatentha thupi, imasiya kudya, imadzandira, ndipo yoyera imafiira makutu ndi kumimba. Khola lonse limatha pamasiku ochepa. Mankhwala ake palibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti alimi akaona imodzi yagwa amathamangira kupha zotsala n'kukagulitsa nyama motchipa, ndipo nyama yomweyo, mipeni ndi nsapato zimanyamula mliri kupita mudzi wina.

Vuto lachiwiri limagwera anthu. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzi cha munthu imatenga mazira a njoka za m'mimba, ndipo nyama yake imachita timatuza toyera. Wodya nyamayo yosapsa amagwidwa njokazo, ndipo mazira a njokazo akalowa m'thupi la munthu n'kufika ku ubongo amayambitsa khunyu.

Chifukwa cha mavutowa, ulimi wa msipu wasiyana ndi kutayirira. Nkhumba imadyabe panja, koma mkati mwa mpanda wolimba, makamaka wa mizere iwiri kuti isagundane mphuno ndi nkhumba zoyenda zokha kapena nguluwe. Malowo amagawidwa zigawo, zina n'kumapuma kuti udzu umere. Pamafunika mthunzi ndi madzi tsiku lonse, pakuti kugombe kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala.

Msipu wokha sunenepetsa nkhumba, popeza mimba yake sigaya udzu ngati ya ng'ombe. Mwayi wa Nkhotakota ndi gaga wa mpunga, kholowa, zinyenyeswa za usipa ndi chinangwa. Chinangwa chowawa chimayenera kuviikidwa ndi kuumitsidwa kaye, monga amachitira ndi cha kondowole, chifukwa chachiwisi chili ndi poizoni. Nkhumba yaikazi imakhala ndi bere masiku 114, ndipo ikamayandikira kuswa imachotsedwa kumsipu n'kuikidwa m'khola louma la payokha. Nkhumba yogula kwina imasungidwa padera milungu ingapo, ndipo alangizi a ziweto amaiona isanasakanizidwe ndi zinzake.