Matayala aakulu, muvi wonama

Pali zinthu zina m'galimoto zimene timazikhulupirira popanda kufunsa. Muvi wa sipidomita ukaloza pa 50, timati tikuthamanga 50, nkhani yatha. Komatu muviwo suona msewu. Umangowerenga kuti mawilo azungulira kangati, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa tayala limene galimotoyo inachoka nalo kufakitale. Mukasintha tayala, masamu aja amasokonekera, koma muvi umapitiriza kuloza molimba mtima ngati palibe chasintha.

Malume anga ali ndi Hilux imene imadyetsa pafupifupi mtundu wathu wonse. Amanyamulira mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano kupita nayo ku Lilongwe, ndipo fizi yanga ya kukoleji inachokera kumbuyo kwa galimoto imeneyi. Dzinja lina atatopa ndi kukhula pansi m'misewu ya kumapiri, anachotsa matayala a 265/65 R17 n'kuika a 285/70 R17. Galimoto inakwera m'mwamba, inaoneka bwino zedi, anyamata onyamula matumba mpaka kuimbira mluzu.

Sipanathe mwezi, apolisi apamsewu anawaimitsa pamalo ena amalonda pa M1. Analipira, koma anafika pakhomo nkhope ili gwaa.

"Mphwanga, zaka zonsezi ndimadutsa pamenepaja muvi uli pomwepomwepo. Lero kamera yaona chiyani?"

"Malume, mawa mukamapita ku Dedza munditenge, tikafunse foni."

Pamsewu woongoka ndinawapempha kuti muvi aukhazike pa 80, ine maso pa GPS. Foni inkasewera pa 82 ndi 83. Zikuoneka zochepa, koma pali chinsinsi: opanga galimoto ambiri amakonza sipidomita kuti izionetsa liwiro lokwererapo pang'ono kuposa lenileni. Malume ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anazolowera kudutsa pachikwangwani cha 50 muvi uli cha m'ma 55. Matayala atsopano anadya kampata konseko, n'kuwonjezeranso zawo pamwamba.

Masamu ake si ovuta. Pa 265/65 R17, nambala yoyamba ndi kufufuma kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa khoma lake poyerekeza ndi kufufumako, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Mukawerengetsa, tayala lakale linali lalitali mamilimita pafupifupi 776, pomwe latsopano ndi 831. Kusiyana kwake ndi 7 pa 100 alionse. Ndiye kuti wilo likazungulira kamodzi, galimoto imapita patsogolo kuposa mmene sipidomita ikuganizira.

Chindapusa ndi nkhani yaing'ono. Chimene chinandikhalitsa chete ine ndi buleki. Liwiro likakwera ndi 7 pa 100, mtunda umene galimoto imayenda mutaponda buleki umakwera ndi pafupifupi 15 pa 100. Tangoganizani pamsika wa m'mphepete mwa msewu: wa kabaza akukhota mosayang'ana, mwana akuthamangira mayi ake kutsidya, kumbuyo kuli matumba a kachewere. Mamita awiri okha ndi amene amasiyanitsa kukuwa ndi maliro.

Palinso thumba. Nambala ya makilomita imatsalira chimodzimodzi. Ikamati mwayenda 5,000, galimoto imakhala itayenda pafupifupi 5,350, oyilo n'kupitirira nthawi yake. Amene amachita hayala powerengera makilomita amakhala akunyamula katundu wa anthu ulere mtunda wina osadziwa.

Si matayala okha. Ena difu ikafa amagula yakale yochokera m'galimoto ina, osafunsa magiya ake. Ngati sipidomita yanu imawerenga kuchokera kugiyabokosi, kuchotsa difu ya 4.1 n'kuika ya 4.56 kumachititsa muvi kuonetsa liwiro lokwera ndi 11 pa 100 kuposa lenileni. Galimoto zimene zimawerenga liwiro pamawilo, kudzera m'masensa a ABS, difu siizisokoneza, koma tayala limazisokonezabe.

Kukonza kumatengera mtundu wa galimoto. Zakale zija za kebulo zili ndi kagiya kakang'ono ka pulasitiki m'mbali mwa giyabokosi. Makaniko amakasintha n'kuika kena ka mano ochuluka kapena ochepa. Zatsopano zina amazilumikiza kukompyuta n'kuziuza kukula kwa tayala, zina amaziikira kabokosi kamagetsi kokonza uthenga usanafike pamuvi. Malume anasankha kabokosi, ndipo podikira kuti kafike analemba pakapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero: "Muvi 45 pa chikwangwani cha 50."

Inu amene mwangoyamba kuyendetsa ya bambo, ya abwana kapena yanu yoyamba, yang'anani kapepala kamene kamakhala pachitseko cha dalaivala. Pamalembedwa saizi ya tayala ya kufakitale. Yerekezani ndi imene yalembedwa patayala lenilenilo. Zikasiyana, tengani mnzanu agwire foni, inu maso pamsewu, muyese pa 50 ndi pa 80. Netiweki ikavuta, wotchi imakwana: pa 60, kilomita imodzi imatenga mphindi imodzi ndendende.

Matayala aakulu si tchimo, misewu yathu ina imawafunadi. Koma pokambirana mtengo wake, funsaninso wa kukonza muvi, chifukwa ntchitoyo imatha sipidomita ikayambiranso kunena zoona.