Ana athu akaione nyanja ali pa Ilala

Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanja ya Malawi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Ine ndimakonda pamwamba pake, pomwe munthu umawongola miyendo kamphepo kakukupepa, uku ukuona mapiri a ku Mozambique sitimayo ikamayandikira Likoma.

Ophunzira anga kuno ku Machinga amajambula nyanjayi m'makope, koma ambiri sanaionepo, chonsecho ku Mangochi si kutali. Amangodziwa mabwato a pa Chilwa ndi pa Shire.

N'zoona, tikiti ya pamwambapo ndi yokwera mtengo. Komabe makolo ndi aphunzitsi anzanga a ku Balaka ndi Machinga, tiyeni tizisonkha pang'onopang'ono, anawa akaione nyanja yawo asanamalize Folomu 4.